Nkhuku Zothothoka Zimene Ndinasankha M'malo mwa Malata

Lachinayi lija, mvula itagwa kachinayi

Ndinali m'munda wa nshawa kuseri kwa nyumba, khasu m'manja, matope mpaka m'akakolo, pamene ndinamva mpongozi wanga Lavunesi akukuwa ngati nyumba yagwira moto. "Amai! Amai, thamangani kuno!" Mtima wanga unati phaa. Ndinati basi, galu walowa m'khola, kapena chitopa chandipeza. Ndinaponya khasu, ndinathamanga, ine nkhalamba ya maondo olira awa ndinathamanga, chitenje chikukokeka m'matope. Ndinamupeza ataima pakhomo pa khola, manja awiri atafumbata, akuseka misozi ili mbwembwembwe. Anafumbatula pang'onopang'ono. Dzira! Dzira lofiirira, lofunda, kanthenga kamodzi katamatirira pambali. Ndinalitenga, ndinaliika patsaya, ndinamva kutentha kwake, ndiye nthungululu inangotuluka yokha. Ndinavina pomwepo. Ndinaimba kuti laikira, laikira, thadzi langa laikira, amene anati zatha abwere adzaone! Lavunesi ankawomba m'manja, nkhuku zikutetera m'kholamo ngati nazonso zikudziwa nyimboyo.

Inu ana anga, Yohane ndi Tisa, ndi inu adzukulu amene mudzatsegula kope ili ine nditagona, mudzafunsa kuti agogo anavinira dzira limodzi? Eya, limodzi. Dzira limenelo ndinalilipira ndi denga la nyumba yanga, ndipo m'kati mwake munali dzina langa ndi zaka zonse zimene ndinagwira ntchito. Ndikulemba ndekha, mzere umodzi n'kupuma, mzere wina n'kupuma, poti sukulu ndinalekeza giredi yachitatu. Zaka za pakalendala sindizisunga, ndimasunga za kubadwa ndi kumwalira kwa anthu. Koma nkhaniyi ndikufuna ikhale yolembedwa ndi dzanja lomwelo limene linagwira nkhukuzo, kuti wina asadzaikonze.

Chaka chimene atate anu anamwalira

Zaubwana wanga sindilemba, n'zofanana ndi za aliyense. Ndiyambira pa tsiku limene ndinaima pageti pa famu ya a Jere, kufupi ndi Madzimoyo, Tisa ali kumsana, Yohane nditamusiya kwa mlamu wanga. Atate anu tinali titawaika m'manda miyezi itatu yapitayo, ndipo m'nkhokwe munalibe ngakhale chitsononkho. A Jere anali mwamuna wamtali, wopuma pa ntchito ya ulangizi, wa chifuwa chosatha. Ankaweta nkhuku za mazira, zofiira zija zimene sizifungatira, zimene ntchito yake ndi kuikira basi, lero dzira, mawa dzira. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mai, nkhuku mumazidziwa?"

"Ndimadziwa kukoma kwake, abwana."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye mwabwera kudzanditheratu ziweto. Tengani fosholo iyo, tione."

Ntchito yanga yoyamba inali kukokolola zitosi, kuthira utuchi watsopano pansi, ndi kutsuka zomweramo madzi m'mawa uliwonse. Fungo la m'khola linkalowa m'mphuno, m'tsitsi, m'chitenje, mpaka kutchalitchi anthu ankasendera pabenchi. Amuna awiri amene ndinawapeza pantchitopo ankati mkazi uyu sakwanitsa sabata. Sabata inatha, mwezi unatha, chaka chinatha. Iwo ndiwo anachoka, ine ndinatsala. Kenako anandikweza kukhala wotola mazira, katatu pa tsiku, ndi kuwayala m'mathireyi kosongoka kuyang'ana pansi.

Tsiku lina a Jere anandiitanira m'khola lalikulu. "Amake Yohane, ndigwirireni nkhuku yabwino kuposa zonse muno." Ndinayang'ana, ndinasankha, ndinagwira yonenepa, nthenga zili see ngati yadzola mafuta, miyendo yachikasu ngati dzungu lakupsa. Ndinaipereka monyadira.

"Imeneyo ndi mbava," anatero. "Imadya chakudya changa n'kumadzikongoletsa nacho." Anawerama, anagwira ina yonyansa, khosi lili pamtunda, mchira wothyoka, miyendo yoyera mbuu. "Mayi wa khola lino ndi uyu. Chikasu cha miyendo yake chinathera m'mazira. Zosamala nthenga alibe nazo nthawi."

Anandionetsa kuika nkhuku m'khwapa, mutu kuyang'ana kumbuyo, n'kufufuza pansi pa mchira pamene pali timafupa tiwiri. Zala zitatu zikalowa pakati pa timafupato, nkhukuyo ikuikira. Chikalowa chala chimodzi, ikupuma kapena ndi yaulesi, ndipo kuti usiyanitse ziwirizi uyang'ane miyendo, ukhudze mimba. Ya yolimbikira imakhala yofewa, ya yaulesi imakhala yolimba ndi mafuta. Tsiku limenelo ndinagwira nkhuku mpaka khwapa kuwawa. Kuyambira pamenepo zala zanga zitatu izi zinakhala sukulu yanga, zinakhala setifiketi yanga, ndipo palibe anazilanda.

Chaka chimene Tisa analandira Ukaristia woyamba

Anandisamutsira ku nyumba ya anapiye. Uko ndiye kunali ntchito, ana inu! Anapiye ankabwera m'makatoni, a tsiku limodzi, atatopa ndi msewu. Ndinkayamba ndayatsa mbaula, ndafunditsa chipinda, ndaika madzi ofunda a kashuga pang'ono. Kamwanapiye kalikonse ndinkakagwira n'kuviika kamlomo kake m'madzi kuti kadziwe pomwera. Chopimira kutentha chinalipo pakhoma, koma ine sindinkachiyang'ana. Anapiye okha ankandiuza. Akaunjikana pa mbaula ndiye kuti kwazizira, akathawira m'makona milomo ili yasa ndiye kuti kwatentha, akamwazikana akudya akuimba tiyo tiyo ndiye kuti zonse zili bwino. Katemera ndinkadontheza m'maso, kamodzikamodzi, osadumpha ngakhale kamodzi. Chakudya cha anapiye, kenako chokulitsa, kenako cha mazira misoti ikayamba kufiira kumaso, miyezi isanu ikamakwana. Ndinkaziimbira pozipatsa chakudya, ndipo zinkadziwa mawu anga ndikadali kugeti.

Zaka ziwiri anandituma ku Chipangali, kumene mng'ono wa a Jere anayamba khola lake. Kumeneko madzi ndinkatunga kutali, chakudya chinkachedwa mvula ikaononga msewu, ndipo ndiko ndinaphunzira kusakaniza changa: chimanga chogaya, madeya, soya wokazinga, fumbi la tinsomba touma ta kapenta, laimu pang'ono wolimbitsa zigoba za mazira, kamchere. Nditabwerera ku Madzimoyo ndinapeza chitopa chikusesa midzi yonse yozungulira. Ndinaika beseni la mankhwala pakhomo pa khola lililonse, ndinati wolowa aponde m'menemo, ndipo wopanda ntchito asalowe. Lamlungu lina akazi a a Jere anabwera ndi alendo awo atavala zoyera za kutchalitchi, akufuna kuwaonetsa nkhuku. Ndinaima pakhomo manja m'chiuno.

"Amake Yohane, patukani, awa ndi alendo anga."

"Amai, alendo anu akamwe tiyi kunyumba. Kuno salowa."

"Famu ino ndi ya ndani?"

"Ndi yanu. Koma nsapato zawo zaponda m'midzi ya chitopa, ndipo nkhuku zikafa wokumba dzenje ndi ine."

A Mai Jere sanandilankhule sabata yathunthu. Chaka chimenecho anansi athu onse anakwirira nkhuku zawo, ife sitinataye khola ngakhale limodzi. Pa Khirisimasi anandipatsa chitenje chatsopano, ndipo kuyambira pamenepo tinamvana.

Chaka chimene a Jere anatisiya

Chifuwa chija chinawatenga. Ana awo anali ku Lusaka, ndipo a Mai Jere anali atayamba kuvutika ndi miyendo, ndiye analemba manijala. Dzina lake a Sakala, mwamuna wa zaka zofanana ndi Yohane, wa mapepala a kukoleji, wa majombo oyera amene ankatsukidwa kawiri pa tsiku. Sindinama, zina ankazidziwa. Anakonza nthawi ya katemera, anatsegula mazenera kuti mphepo izidutsa, ndipo ndinamuyamikira. Koma nkhuku sankaigwira. Ankaima pakhomo, foni m'manja, akuyang'ana ngati munthu woonera mpira. Ine ankanditcha agogo, mwaulemu ndithu, koma ulemu wa munthu amene akudikira kuti uchoke.

"Agogo, zimene mumachita ndi zala zija ndi zakale. Masiku ano timayendera buku."

"Bukulo linaikirapo dzira, abwana?"

Anangomwetulira. Tinakhala choncho zaka zitatu, iye ndi buku lake, ine ndi zala zanga. Maondo anga anayamba kukana, ndipo a Mai Jere anandiitana n'kunena kuti chaka chikatha ndipume. Anati mphatso yanga idzakhala malata makumi awiri, poti ankadziwa kuti nyumba yanga ndi yaudzu ndipo imadontha. Malatawo anagulidwa ndithu, anaimikidwa m'sitolo ya chakudya. Ndinkati ndikalowa kukatenga thumba, ndinkawasisita, ndinkawagogoda kuti ndimve kulira kwake. Yohane anali atadula kale mitengo ya denga.

Seputembala wa chaka changa chomaliza

Magetsi anayamba kuzima tsiku lonse. Pampu ya pachitsime inaima, thanki inauma, dzuwa lili ng'aa. Masiku atatu nkhuku zinamwa madzi otunga pamutu, osakwanira. Sabata yomweyo galimoto ya chakudya sinabwere, ndipo a Sakala analamula kuti tizipatse madeya okhaokha mpaka ibwere. Ndinawauza kuti tisakanize soya ndi kapenta monga ndinkachitira ku Chipangali. Anati zosakaniza za kumudzi sizilowa m'khola mwawo. Masiku khumi anatha choncho.

Nkhuku ya mazira ikasowa madzi ndi chakudya, imatseka. Imasiya kuikira, imagwetsa nthenga zakale kuti imere zatsopano, ndipo zimene zaikira kwambiri ndizo zimathothoka moopsa. M'khola lachitatu nthenga zinali mbwee pansi ngati wina wang'amba mapilo. Nkhuku zinali zamaliseche, misana yofiira, makosi ngati a miimba. Mathireyi ankabwerera opanda kanthu. Pakati pa zonyansazo pankayenda zina zokongola, nthenga zonse zilipo, miyendo yachikasu, zikunyada. Ndinazidziwa. Zinali mbava zija.

Okutobala, tsiku la magalimoto

M'mawa wina ndinapeza anthu ogula nkhuku zotha afika pa magalimoto ndi madengu awo, ochokera kumsika ku Chipata. A Sakala anaima pakhomo pa khola lachitatu.

"Agogo, gwirani zonse zothothoka zikwere. Zatha izi. Zooneka bwinozo zitsale, ndizo zidzatipatsa mazira."

"Abwana, mwatembenuza. Zothothokazo ndizo amayi a khola. Zikupuma chabe. Zipatseni chakudya chenicheni miyezi iwiri, mudzasowa poika mazira. Zokongolazo sizinaikire kuyambira Pasaka."

"Agogo, yang'anani nokha. Nkhuku iyi ikuoneka ngati yatuluka m'madzi otentha."

Ndinagwira imodzi, ndinaiika m'khwapa, ndinatambasula phiko. "Onani apa, tinthenga tatsopano tikutuluka ngati minga. Onani miyendo kuyera. Gwirani mimba iyi. Gwirani, abwana, siluma."

Sanagwire. Anabisa manja m'matumba. Ogula aja anayamba kuseka, wina anati agogowa akukana kuti anzawo apite. A Sakala anaona kuti anthu akumvetsera, ndiye mawu awo anauma. "Mai, inu mwakalamba, nkhuku zanu zakalamba. Gwirani, kapena vulani epuloni."

Ndinavula epuloni. Ndinaipinda bwinobwino, ndinaiika pa thumba la madeya, ndinapita molunjika kunyumba yaikulu. A Mai Jere anali pakhonde, miyendo itaikidwa pa kampando. A Sakala ananditsatira. Aliyense ananena zake. A Mai Jere anapukusa mutu.

"Amake Yohane, ndinamulemba ntchito kuti aziyendetsa famu. Ndikamutsutsa pamaso pa anthu, mawa andisiyira makiyi. Ndipo chakudya cha miyezi iwiri cha nkhuku zosaikira, ndichitenga kuti?"

Ndinayang'ana kusitolo kuja kumene kunali malata anga. Ndinaganiza za mitengo imene Yohane anadula, ndinaganiza za mitambo imene inali itayamba kusonkhana kumapiri. Kenako ndinaganiza kuti ndikachoka lero ndi malata pangolo, anthu adzati nkhalamba ija inkangoseweretsa nkhuku zaka zonsezi, anabwera wophunzira n'kuichotsa. Ndikanagona pansi pa malatawo, koma tulo sindikanaliona.

"Amai, malata aja atsale. Ndipatseni nkhuku makumi anayi mwa zimene abwanawa akuti zatha. Ndisankhe ndekha."

"Mwapenga? Mvula ili pakhomo!"

"Ndaiona. Ndipatseni nkhukuzo."

A Sakala anaseka mokweza. "Apatseni, Amai. Akadya ndiwo mpaka Khirisimasi."

Ndinawayang'ana m'maso. "Ndikadya imodzi yokha mwa izo, mudzabwere mudzandimete mpala pamaso pa anthu onse."

Ndinabwerera m'khola, ndinagwira imodziimodzi, diso lowala, mimba yofewa, miyendo yoyera. Ndinasankha zonyansa kuposa zonse. Zinakwera ngolo ya ng'ombe ya a Zulu, mnansi wanga, ine nditakhala pakati pake, ndikuziimbira njira yonse. Zotsalazo zinapita kumsika, ndipo sindinatembenuke kuziyang'ana, poti mtima sukanapirira.

Masabata asanu ndi awiri a kusekedwa

Yohane, mwana wanga, usakwiye kuti ndalemba izi. Unaima pabwalo, unayang'ana m'ngolo, unayang'ana pansi pa ngolo ngati malata abisala kumeneko.

"Amai, malata ali kuti?"

"Ndi awa akulira apawa."

"Zaka zonse zija mwabwera ndi nkhuku zosavala? Tidzafolera nyumba ndi chiyani, nthenga? Ngakhale nthengazo zilibe!"

Ndinatenga mitengo ya denga ija, ndinamanga nayo khola, ndinafolera ndi udzu watsopano umene Lavunesi anamweta wokonzera khitchini. Ndinaika makatoni oikiramo pakona yamdima, udzu wouma m'kati, ndi mtengo wopingasa wogonapo. Ndinamanga mpanda kuti nkhuku za m'mudzi zisayandikire. Chimanga cha m'nkhokwe ndinachigawa pawiri, china chathu, china chawo. Ndinakazinga soya mpaka mikono kutupa, ndinasinja, ndinasakaniza ndi madeya. Ndinapita kumsika kukapempha fumbi la pansi pa matumba a kapenta. Ndinatola zigoba za nkhono kudambo, ndinaziotcha, ndinazipera. Ndinamangirira chisoso ndi bonongwe m'mwamba kuti zizijompha masamba m'malo mojomphana misana. Madzi ndinkasintha katatu, ozizira a mumtsuko, poti nkhuku madzi otentha simwa. Phulusa ndinaliika m'beseni kuti zizisamba, nsabwe zithawe.

Anambewe, mnzanga wa kukwaya, ankabwera m'mawa uliwonse kudzatsamira pampanda. "Amake Yohane, atsikana anu adzuka bwanji? Ndiwabweretsere zitenje? Abambo akudutsa pano akuchita manyazi!"

"Sekani, Anambewe, mano akadalipo. Mudzabwera ndi kambale kudzapempha dzira."

"Ndikadzapempha dzira kwa zimenezi, mudzanditche mwana wanu."

"Ndamva, mwana wanga."

Mvula yoyamba inagwa masana, yamphamvu, yamphepo. M'khola munali mouma gwa. M'nyumba mwanga madzi analowa ngati denga kulibe. Tinaika mabeseni, tinaika mapoto, tinaika ndowa, matiresi ananyowa, ufa unanyowa, chithunzi cha atate anu chinadontheredwa. Lavunesi ananyamula khanda n'kukaima nalo m'khola la nkhuku, poti ndiwo anali malo okha osadontha pakhomo pano. Ndinamuona ataima pamenepo, mwana kumsana, nkhuku zikumuzungulira, ndipo kunena zoona tsiku limenelo mawu a nyimbo anandithera. Ndinadzifunsa kuti kodi Faidesi iwe, unasankhira dzina lako kapena unasankhira ana ako? Nthenga zinali zitamera, nkhuku zinali zitayamba kukongola, koma ndikaika zala, chimodzi basi. Mawa lake, chimodzi basi. Ziwiri zinafa, sindidziwa ndi chiyani, ndipo ndinazikwirira osadya.

Mvula yachiwiri itagwa, Yohane anabwera ndi munthu wa njinga ya madengu. "Amai, awa agula zonse lero. Tipeza malata ngakhale asanu ndi atatu, tifolere kuchipinda kwa mwana. Chimanga chikutha, Amai. Mwayesa, zakanika, palibe adzakusekeni."

Ndinalowa m'khola. Ndinagwira thadzi lina limene ndinkalitcha Nyakhosi, chifukwa ndilo linabwera ndi khosi loipitsitsa. Kanyama ka pamutu pake kanali katafiira psuu. Ndinaliika m'khwapa, ndinafufuza. Chala chimodzi. Chachiwiri chinalowa. Ndinagwira lina, ziwiri. Lina, ziwiri ndi kampata. Ndinatuluka, ndinatseka chitseko, ndinakhala pansi pakhomopo miyendo nditatambasula.

"Bambo wa njinga, pepani ndi ulendo. Pano palibe malonda."

"Amai!"

"Yohane, ndinakulera ndi zala izi. Zinakunamizapo liti? Ndipatse masiku khumi. Akatha opanda dzira, udzaitane munthuyu, ndipo ndidzagwira ndekha."

Iwe Yohane unachoka, ndipo masiku amenewo unkadya kwa anzako. Tsiku loyamba linapita, lachitatu linapita, lachisanu linapita. Ndinkadzuka, kukasuzumira m'makatoni, udzu wokhawokha. Pa tsiku lachisanu ndi chitatu ndinati ndisayang'anenso, ndipite kumunda. Ndilo Lachinayi lija, ndilo tsiku Lavunesi anakuwa.

Lamlungu lachiwiri la Januwale

Dzira lija linali la Nyakhosi. Mawa lake analipo atatu, mkuja asanu ndi awiri, ndipo pofika Khirisimasi thireyi inkadzaza tsiku lililonse, mazira aakulu, a chigoba cholimba, oposa a misoti. Anambewe anabwera ndi kambale kobisa m'chitenje. Ndinati, "Wadzuka bwanji, mwana wanga?" Anagwada, anayankha kuti ndadzuka bwino amai, tonse tinagwa n'kuseka. Yohane anamanga bokosi panjinga yake n'kuyamba kuperekera mazira m'magolosale a m'mbali mwa msewu, ndipo sindinamukumbutse kanthu, anadzikumbutsa yekha.

Kufamu kuja mbiri inali ina. Nkhuku zokongola zija zinadya chakudya chabwino miyezi itatu, mazira ake osadzaza ngakhale chipewa. Ndinasankha mazira makumi atatu aakulu kwambiri, ndinawayala m'thireyi, ndinatuma Yohane kuti akapereke m'manja mwa a Sakala. Ndinati ukawauze kuti zotha zija zikupereka moni, ndipo Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi pakhomo panga pali chikondwerero, abwere ndi lumo lawo ngati akufunabe kundimeta.

Lamlungu linafika. Tinawiritsa mazira, tinakazinga mazira, tinaphika thobwa. Nkhuku sitinaphe ngakhale imodzi. A Mai Jere anabwera pa galimoto, anatsika ndi ndodo yawo, anandikokera pambali. "Amake Yohane, malata aja akadali m'sitolo. Nditumize mawa."

"Ayi, Amai. Tinapangana pamaso pa anthu, ndinasankha ndekha. Mukandipatsa, adzati nkhalamba ija anaimvera chisoni. Denga langa afolera ndi atsikana angawa, limodzilimodzi."

Ndipo anafolera. Denga limene mukukhala pansi pake mukamawerenga kope ili, lata lililonse linatuluka m'khola lija. Mvula ikamalira pamwamba, muzimva kuti ndi Nyakhosi akutetera.

Dzuwa litapendeka, ndinaona majombo oyera ataima kunja kwa mpanda. A Sakala anavula chipewa. Lumo analibe.

"Agogo, ndabwera kuti mundionetse zija za zala."

"Pondani m'beseni la mankhwala ilo kaye, abwana. Pano pali malamulo."

Anaponda. Ndinagwira Nyakhosi, ndinamuika m'khwapa mwawo, mutu kumbuyo. Anamugwira ngati akugwira moto. Ndinatenga dzanja lawo, ndinaliika pansi pa mchira. "Zingati?"

"Zitatu."

"Kwezani mawu, Anambewe samva bwino."

"Zitatu, agogo!"

Nyakhosi anawasiyira chizindikiro chake pashati yoyera, bwalo lonse linaphulika, ndipo ine ndinayambitsa nyimbo yanga, laikira, laikira, onse anavomera.

Tsopano ndilembe amene anabwera kudzakondwera nane, kuti mudzawadziwe ndi kulemekeza ana awo. Panali Yohane mwana wanga, amene anavina kuposa onse. Panali Lavunesi mpongozi wanga, woyamba kugwira dzira, ndi khanda lake Chikondi, amene anabisala mvula m'khola. Panali Tisa, amene anakwera basi kuchokera ku Tamanda, ndi mwamuna wake a Lungu. Panali a Zulu a ngolo ndi akazi awo Anatembo. Panali Anambewe, mwana wanga wa imvi. Panali a kwaya, Rozaliya, Esinati, Veronika, Matilida ndi Agatha wa mawu okwera. Panali mlamu wanga Anaphiri, amene anandisungira Yohane tsiku loyamba lija. Panali a Mwale a kapenta, amene ankandisesera fumbi. Panali bambo wa njinga ya madengu, dzina lawo a Daka, amene anabwerera opanda nkhuku koma tsikulo anadya mazira anayi. Panali a Mai Jere. Panali a Sakala, nkhuku ili m'khwapa. Ndipo panali ine, Faidesi Mwanza, Amake Yohane, wa zala zitatu.